Chaka Chimene Yunike Anasiya Fomu Faifi

Yunike Kachingwe anabadwira m'komboni ya esiteti ya tiyi, kumunsi kwa nkhalango ya Chirinda, mu 1990. Ife amene tinkakhala mzere umodzi wa nyumba ndi makolo ake tinadziwa kuti mwanayu ali ndi liwiro iye mwini asanadziwe. Ana ena akatumidwa kusitolo ya kampani ankapita akusewera m'njira. Iye ankabwerako mayi ake asanathe kutsuka mbale. Sukulu inali kuseri kwa zitunda ziwiri, ndipo m'mawa tinkangoona kamutu kake kakudutsa pakati pa mizere ya tiyi, mabuku ali m'pepala la pulasitiki, mapazi ali ofiira ndi dothi.

Bambo ake, a Eliasi, anabwera kuno ali kumsana kwa mayi awo kuchokera ku Mulanje, m'dziko la Malawi, ndipo sanabwerereko. Anathyola tiyi zaka khumi ndi zinayi, dengu kumsana, kenako anawalowetsa m'fakitale, kumene masamba amaumitsidwa. Sukulu anailekeza Sitandade 3. Nthawi ina ukapitawo unawadutsa pamphuno, anaupatsa mnyamata amene iwo omwe anamuphunzitsa ntchito, chifukwa chakuti mnyamatayo anali ndi satifiketi. Nkhaniyo sankaikamba kawirikawiri, koma aliyense ankadziwa kuti ndi imene inkawachititsa kuyang'ana makope a Yunike tsamba ndi tsamba, ngakhale kuti Chingerezi chake sankachimva. Mayi ake, a Lidiya, anali Mundau wa konkuno. M'nyumbamo bambo ankafunsa m'Chinyanja, mayi n'kuyankha m'Chindau, Yunike n'kumasakaniza zonse ziwiri.

Ku sekondale ndi kumene anakumana ndi a Onias Mhlanga, mphunzitsi wa jogalafe amene ankayang'aniranso zamasewero. Bamboyu anali ndi wotchi yoyezera liwiro imene ankaikoleka m'khosi ngakhale popita kutchalitchi. Atamuona Yunike akusiya anyamata kumbuyo pa bwalo la sukulu, anamutenga n'kuyamba kumuphunzitsa mpikisano wa mamita 800, wozungulira bwalo kawiri. Anamuphunzitsa kusunga mphamvu pozungulira koyamba, chinthu chimene Yunike ankadana nacho kwambiri. Mu 2007, ali Fomu 4, anapambana ku Chipinge, anapambananso ku Mutare, ndipo pa mpikisano wa sukulu za dziko lonse anakhala wachiwiri, atathamanga mphindi ziwiri ndi masekondi khumi ndi awiri. Chaka chomwecho analemba O-Levo, n'kukhoza maphunziro asanu ndi awiri. Chakumayambiriro kwa 2008 anayamba Fomu Faifi. Zinamutsalira zaka ziwiri kuti alembe A-Levo.

Kalata inabwera mu Meyi. A Onias anali atatumiza liwiro la Yunike kwa mnzawo wakale amene tsopano ankaphunzitsa othamanga pa koleji ina yaing'ono ku Amerika. Yankho anakalitenga m'tauni ya Chipinge, pa kashopu ka intaneti, tsiku limene magetsi anayaka. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi anafika nalo pakhomo pa a Eliasi, n'kukhala pa benchi pansi pa mtengo wa mapeyala. Anawerenga m'Chingerezi, kenako anamasulira. Kolejiyo inali yokonzeka kumutenga Yunike, kumuphunzitsa, kumudyetsa ndi kumugoneka, iye n'kumaithamangira. O-Levo yake inali yokwanira. Malo anali otseguka mu Januwale. Akadikira kuti amalize A-Levo, mnzawoyo sakanalonjeza kanthu, chifukwa atsikana othamanga amafunsira malowo kuchokera kumayiko ambiri.

A Eliasi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, "Ndiye kuti asiye sukulu?"

"Sakusiya sukulu, Baba," anatero a Onias. "Akudumpha chaka chimodzi ndi theka, n'kulowa koleji."

"Amene wachoka m'kalasi asanalembe mayeso, kwathu kuno timati wasiya sukulu. Akakathyoka mwendo kumeneko, azungu aja adzamusunga? Adzamubweza ali ndi chiyani m'manja?"

Yunike anali atakhala pamkeka pafupi ndi mayi ake. Sanayenere kulankhula, koma analankhula. "Baba, kusukuluko tikuphunzira chiyani? Aphunzitsi a masamu anapita ku Joni mu Epulo. A bayoloje amabwera Lolemba lokha. Timangokhala n'kumakopera manotsi a ana a chaka chatha."

"Zimenezo zitha. Masankho akadutsa sukulu ibwerera."

"Nanga miyendo yanga idikira masankho?"

"Iwe Yunike," anatero a Eliasi, osakweza mawu, "ine ndaona anthu amphamvu kuposa iwe. Panali munthu pano ankathyola madengu awiri wina asanadzaze limodzi. Lero akutafuna fodya pakhonde, palibe amamukumbukira. Malizitsa Fomu Sikisi, ukatero pita kumene ufuna."

A Onias anapinda kalata ija n'kuisiya pa benchi. Yunike anadzuka osapempha, n'kukathamanga msewu wa mathirakitala atavala diresi la kutchalitchi.

Mwezi wa Juni unali woipa, ndipo sitikonda kuukamba. Sukulu inatsekedwa kwa masabata angapo, aphunzitsi ena anathawa, achinyamata ankasonkhanitsidwa kumisonkhano ya ndale. A Lidiya anamuletsa Yunike kuthamanga kutali ndi komboni, moti ankangozungulira bwalo la mpira la kampani, mayi ake akumuyang'ana ali pa mpopi. M'nyumbamo nkhani ya koleji inkabuka pa chilichonse. Yunike akatsegula buku, ankalitseka mwaukali kuti bambo ake amve. Bambo ake akafunsa za homuweki, iye ankayankha kuti, "Atipatse ndani?" A Lidiya anatopa nawo onse awiri. Tsiku lina anauza amuna awo kuti, "Baba a Yunike, inu mumakamba za sukulu imene ili m'mutu mwanu. Pitani mukaone imene ili kuseri kwa phiriko."

Anapitadi, Lachitatu lina mu Julayi, atavala jekete. Anafika cha m'ma teni koloko. M'kalasi la Fomu Faifi anapeza ana asanu ndi mmodzi mwa ana makumi atatu. Mtsikana wina ankaluka mnzake tsitsi. Pa bolodi panali masamu olembedwa deti la mu Epulo. M'chipinda cha aphunzitsi munali a Onias okha ndi mayi wina amene ankasankha nyemba pa tebulo. Ahedi anawalandira bwino, koma atawafunsa kuti aphunzitsi abwerera liti, anatambasula manja n'kunena kuti malipiro a mphunzitsi sakukwana n'kukwera kombi kukawatenga, ndiye iwo angamuitane ndani.

A Eliasi anabwerera kunyumba. Atafika anakhala pa benchi jekete lili m'thupi, n'kuitana mwana wawo. "Kalata ija ili kuti? Kawauze aphunzitsi ako ayankhe kuti ukubwera."

Yunike anagwada n'kuwomba m'manja mwa Chindau, misozi ili mbwembwembwe. Temu yachitatu sanapitenso kusukulu. Anakasanzika kwa ahedi, anabweza mabuku, ndipo tonse m'komboni tinayamba kumutcha wa ku Amerika.

Chimene chinatsala chinali pasipoti, ndipo palibe ankaganiza kuti ingakhale nkhani. Mu Ogasiti bambo ndi mwana anakwera lole ya kampani kupita m'tauni. Anaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Atafika pawindo, kalaliki anatenga chitupa cha Yunike n'kuloza chilembo chimene chinali kumapeto kwa nambala.

"Iyi ndi A. Mwanayu ndi mlendo."

"Mlendo wa kuti?" anafunsa a Eliasi. "Anabadwira pa kiliniki ya esiteti. Mayi ake ndi a konkuno. Mchombo wake uli kuseri kwa nyumba yanga."

"Inuyo munabadwira kuti, madala?"

"Ku Mulanje. Ndinabwera ndili khanda."

"Ndi zimenezotu. Ayambe wakana unzika wa Malawi, abwere ndi pepala lotsimikiza, alembetse unzika wa kuno, asinthe chitupa. Akatero ndiye tikambe za pasipoti. Wotsatira!"

Panja Yunike anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. "Ndikane dziko limene sindinaliponde? Baba, ine Malawi ndimamudziwa pa mapu a a Onias basi." Chilembocho anali atachiona kuyambira tsiku limene analandira chitupa, koma sanachiganizirepo. Anali atanyamula mbendera ya chigawo pa mpikisano, anali atayimba nyimbo ya fuko ndi anzake, ndipo palibe anamufunsa za A.

Kuchokera pamenepo anayamba maulendo. Pepala lokanira unzika linkafuna kalata ya kubadwa ya bambo, imene a Eliasi analibe. Anakafufuza kwa abusa, n'kupeza khadi la ubatizo lodyedwa ndi njenjete. Ku Mutare anati khadilo silikwana, pafunika mboni ziwiri zolumbira. Anatenga nkhalamba ziwiri za m'komboni zimene zinabwera ndi makolo awo, imodzi yosamva bwino, n'kupita nazo. Kenako anati mapepala ena amasainidwa ku Harare kokha. A Lidiya anagulitsa mbuzi kuti awiriwo akwere basi. Ku Harare anauzidwa kuti abwere pakatha masabata atatu. Atabwereranso, anapeza kuti dzina lalembedwa Eunice papepala lina, Yunike papepala lina, ndiye panafunikanso kulumbira kuti ndi munthu mmodzi.

Chodabwitsa chinali a Eliasi. Munthu amene ankakana uja ndi amene tsopano sankagwirika. Anatha masiku awo onse a tchuthi, anayamba kujomba, kapitawo anawachenjeza kawiri. Ankayenda ndi envulopu yakhaki mkati mwa malaya, ndipo aliyense wokumana nawo pa mpopi kapena kutchalitchi ankamuyalira mapepalawo. "Zaka makumi asanu ndili pano," ankatero. "Tiyi amene amamwa m'maofesi mwawomo anadutsa m'manja mwangamu. Lero mwana wanga ndi mlendo?"

Pamene bambo ankalimbana ndi mapepala, Yunike ankatha. Chakumapeto kwa chaka chimenecho m'sitolo munalibe kanthu. Tinkadya nthochi zophika, madumbe, amene ena amati koko, ndi mapeyala, ufa ukapezeka unali wa ana aang'ono. Wothamanga amafuna kudya, ndipo iye ankati akazungulira kawiri amaona mdima. Nsapato zake zothamangira zinang'ambika, anazisoka, zinang'ambikanso. Mu Okutobala a Onias anabwera kudzasanzika. Mkazi wawo anali woyembekezera, ndipo iwo anali atapeza ntchito pa famu ina kutsidya kwa Limpopo.

"Inunso, Ticha?" anatero Yunike. "Munandichotsa m'kalasi ndinu, lero mukundisiya pamsewu?"

A Onias anavula wotchi ija m'khosi n'kumupatsa, pamodzi ndi kope limene analembamo zoti azichita tsiku lililonse mpaka Januwale. Koma munthu sangadziyeze yekha bwinobwino akuthamanga. A Lidiya ndi amene ankaima pa bwalo atagwira wotchi, nthawi zina n'kuiwala kudina. Tsiku limene anadina bwino, wotchi inaonetsa mphindi ziwiri ndi masekondi makumi awiri ndi anayi. Yunike anawauza mayi ake kuti alakwitsa. Anapuma, anathamanganso, ndipo zinaipa kuposa poyamba. Anakhala pansi pakati pa bwalo n'kumazula udzu.

Unzika unatuluka mu Disembala, chitupa chatsopano chili ndi chilembo china. Anapereka fomu ya pasipoti sabata yomweyo, koma anauzidwa kuti timabuku ta mapasipoti tasowa, pali anthu amene akudikira kuyambira chaka chatha. Januwale anafika n'kudutsa. Yunike anapita yekha pa kashopu ka intaneti kaja, kawiri anapeza magetsi kulibe, kachitatu anapeza yankho. Mphunzitsi wa ku koleji uja analemba mwaulemu kuti akumvetsa. Angayese kumusungira malo mpaka Ogasiti, koma pofika Meyi afuna nambala ya pasipoti ndi liwiro latsopano loyezedwa pa mpikisano weniweni. Mipikisano ya sukulu inali ya ana a sukulu, ndipo Yunike sanalinso mwana wa sukulu.

Mu Malichi 2009 aphunzitsi anayamba kubwerera. Ahedi anatumiza uthenga kuti popeza ana onse anataya chaka, Yunike akhoza kulowa Fomu Sikisi ndi anzake n'kulemba mu Novembala, koma abwere mayina a olemba mayeso asanatumizidwe. Akachedwa, basi.

Yunike anaganiza masiku atatu. Tsiku lachinayi anadikira bambo ake pa geti la fakitale nthawi yoweruka, n'kuyenda nawo.

"Baba, Lolemba ndikubwerera kusukulu."

A Eliasi anaima. "Wati chiyani?"

"Pasipoti sikutuluka. Liwiro langa latsika. Ndikapanda kulowa pano, ndikhala wopanda koleji, wopandanso A-Levo."

"Ituluka. Ndapita sabata yatha, anati mwezi uno."

"Anateronso mwezi watha."

"Ukalowa m'kalasi uzithamanga nthawi yanji? Uli ndi chaka chathunthu choti ubweze m'miyezi isanu ndi itatu. Ukalowa mmenemo ndiye kuti Amerika wamutaya." Mawu awo anakwera, anthu otuluka m'fakitale anayamba kucheuka. "Mbuzi ya mayi ako inapita. Ine ndatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito. Ndinanyamula nkhalamba mpaka ku Mutare kuti zikalumbire kuti ndine munthu. Zonsezo kuti iwe ukakhalenso pa benchi lomwe lija?"

"Si inu munkati ndimalize Fomu Sikisi?"

"Ndinkatero ndisanaone mmene amationera! Ungakhale ndi masatifiketi khumi, pawindo paja adzakufunsabe kuti bambo ako anabadwira kuti. Choka kuno, mwana wanga. Pita kumene adzakufunse za miyendo yako yokha."

"Ndipite bwanji, Baba? Ndiuluke?"

Anayenda njira yotsalayo wina patsogolo wina pambuyo. Lolemba Yunike anavala yunifolomu imene inali itamukulira, n'kupita. A Eliasi anakhala pafupifupi mwezi osamulankhula. Zofuna kumuuza ankauza a Lidiya, iye ali pomwepo. Makope ake sanawayang'anenso.

Yunike anayesa kugwira zonse ziwiri. Ankathamanga popita ndi pobwera, ndipo mu Epulo analowa mpikisano wa sukulu ku Chipinge. Anapambana, koma ndi liwiro limene anachita manyazi kulitumiza. Analitumizabe, pamodzi ndi mawu akuti pasipoti akudikirabe. Yankho linabwera kumapeto kwa Meyi, mizere inayi. Malowo anapatsa mtsikana wina. Yunike analiwerenga pa kompyuta, sanalisindikize, ndipo kunyumba anangonena kuti, "Zatha." A Lidiya analira. A Eliasi anatuluka n'kukawaza nkhuni zimene zinali zowaza kale.

Ngakhale zinatha choncho, iwo sanaleke kupita m'tauni. Mwezi uliwonse ankakaima pamzere, ndipo tikawafunsa chifukwa chake ankati, "Ndinayamba, ndimaliza." Pasipoti inatuluka mu Okutobala, kutatsala masabata atatu kuti mayeso ayambe. Yunike anafunika kukasaina yekha, ndiye anajomba kusukulu tsiku limodzi, akudandaula njira yonse kuti akutaya phunziro la bayoloje. M'kombi pobwerera bambo ake anaitsegula, anayang'ana chithunzi, anawerenga masamba opanda kanthu aja limodzi limodzi, kenako anamupatsa. Iye anaiponya m'chikwama pakati pa makope.

Mayeso analemba. Pa maphunziro atatu anakhoza awiri, masamu anamugwetsa, ndipo mpaka lero amati chinamugwetsa ndi miyezi ija anakhala pamizere. Awiriwo anamukwanira kulowa koleji ya aphunzitsi ku Mutare. Kuthamanga sanasiyiretu, koma liwiro la 2007 silinabwererenso. Akafunsidwa ngati analakwitsa kuchoka kapena analakwitsa kubwerera, amakwiya. Amati anasankha bwino kawiri konse, ndipo kawiri konse sizinathandize.

Pasipoti ija inagwira ntchito koyamba mu Disembala 2009, akudikira zotsatira za mayeso. A Lidiya ankafuna mpunga ndi mafuta ophikira a Khirisimasi, ndipo zinali zotsika mtengo ku Espungabera, kutsidya kwa malire a Mozambiki, ulendo woti munthu amapita m'mawa n'kubwera masana. Anthu ambiri a kuno amangodutsa njira za m'tchire, ndipo a Lidiya ankafuna kutero. A Eliasi anakana. Anati mwanayo adutse pa geti, aonetse buku lake. Iwo analibe pasipoti, ndiye anamuperekeza mpaka pa malire n'kukhala pa mwala kumbali ya kuno. Wa pawindo anatsegula tsamba loyamba, anadinda, n'kufunsa Yunike kuti akukakhala masiku angati.

"Maola awiri," anayankha Yunike.

Anabwerako atasenza thumba la mpunga pamutu. Bambo ake anadzuka pamwala paja, anamulandira thumbalo, n'kupempha kuti aone chidindo.